Magalasi a Mafuta a ba Yotamu

Mwezi watha ndinaseka pamanda, ndipo mpaka lero sindinapepese kwa aliyense.

Adzukulu a ba Yotamu anabwera kuchokera ku Lusaka kudzavundukula chiliza cha agogo awowo, patapita zaka zambiri chiwaikireni m'manda. Tinaimba, abusa anapemphera, nsalu yoyera inachotsedwa. Mwala unali wakuda, wonyezimira, wokongola ndithu. Koma zilembo zake! Tizilembo tagolide, topyapyala, topiringizika, tothinana, ndiponso m'Chizungu. Mayi wina wachikulire amene anaima pafupi nane anawerama, natsinzina diso limodzi, nandinong'oneza kuti, "Mwanawe, apa palembedwa chiyani?" Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, anthu nkumayesa ndikulira. Ine m'maganizo ndinali kuwaona eni manda akudzuka, akupukuta manja pa ovolosi, nkufunsa mokweza kuti wachita zimenezi ndani.

Ba Yotamu anatha moyo wawo wonse akulimbana ndi zilembo zazing'ono.

Anabwerera kwathu ku Chinyunyu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, atakalambira m'tauni pa ntchito yolemba zikwangwani: zamasitolo, zamabala, ndi mawu aja olembedwa kumbuyo kwa malole. Anali aafupi, a mapewa otambalala, ndipo zikhadabo zawo sizinakhalepo za mtundu umodzi. Ankayenda ngati basi ikuwasiya. Ankalankhula mofuula ngakhale munthu ali pamphuno pawo. Ntchito ankagwirira pakhonde la chigayo, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata, atakhala pa chitini cha penti chovundikira. Ine ndinkagulitsa nthochi ndi mbatata patsidya pa msewu, pansi pa mtengo. Sindinali wolankhulalankhula, choncho ndinkaona zambiri.

Anali ndi magalasi awiri. Ena anali owerengera, monga a munthu aliyense. Enawo anali akale, mwendo umodzi womanga ndi waya, ndipo amenewo ndiwo anawatchukitsa. Akamaliza chikwangwani ankatunga mafuta odzola ndi chala, nkupaka pa magalasi akalewo mbali zonse ziwiri, nkuwavala. Kenaka ankabwerera cham'mbuyo mpaka m'mphepete mwa tala, nkutola ndodo, nkupinda msana, nkuyamba kuyandikira chikwangwani chawocho pang'onopang'ono ngati nkhalamba yothera. Ankabwera akudandaula ndi mawu onjenjemera, akutukwana wolemba chikwangwaniyo, amene anali iwo omwe. Anthu odikira basi ankachita kugwa ndi phwete. Koma iwo sankasewera. Akafika poti nkuchikhudza asanathe kuchiwerenga, ankatenga mpeni nkupala ntchito ya tsiku lonse.

Ankati wolemba chikwangwani asamakhulupiriridwe, chifukwa maso ake ndi abwino ndipo akudziwa kale zimene walemba. Ankatinso chikwangwani chimene mwini wake ayenera kuima pambali nkumachifotokoza, kuli bwino kuchiwaza nkhuni. Ndipo pathabwa limodzi ankalola nkhani imodzi yokha.

Lamulo lomalizali linawayambanitsa ndi abusa a tchalitchi china chatsopano cha pamsewu. Abusawo ankafuna dzina la mpingo, lalitali ngati njanji, kuwonjezera dzina lawo, nthawi za mapemphero onse, ndi vesi pansi pake.

"Abusa, munthu ali mu basi," anatero ba Yotamu. "Basi siima kuti munthu awerenge vesi. Sankhani chimodzi."

"Mufuna ndidule mawu a Mulungu?"

"Iyayi. Mawu a Mulungu mukawapatse mkati. Panja pano ingowauzani khomo."

Kunyumba nakonso kunali nkhondo yake. Akazi awo, ba Esitele, ankabisa botolo la mafuta m'thumba la chimanga, koma iwo ankalipeza ndithu. Tsiku lina mayiwo anafika pachigayo atanyamula botolo lopanda kanthu, nalikweza kuti aliyense aone. "Onani! Mafuta anga athera pa maso a anthu ena, ine miyendo ili mbuu!"

Tsopano ndinene za ambuya anga, agogo anga aakazi, chifukwa popanda iwo nkhani ya ba Yotamu ingakhale nthabwala chabe. Ndiwo anandilera makolo anga atamwalira. M'mudzi monse ndiwo okha amene ankaitana mkuluyu kuti Yotamu, opanda ba, chifukwa ali kamtsikana anamuberekapo kumsana iye ali khanda, ndipo sanalole kuti aiwale zimenezo. Chaka chotsatira chilala chachikulu cha 1992, ng'ala inatseka maso awo onse awiri. Munthu amene ankasankha mbewu ya nsawawa mofulumira kuposa tonse anafika poyenda akupapasa khoma. Ankangozindikira kuwala ndi mdima, ndi mtundu wowala ukakhala pafupi kwambiri. Kumunda analeka. Kutchalitchi analeka. Ankakhala pakhonde manja ali pamiyendo.

Ndiye tsiku lina tinamva kuti madotolo a maso anabwera pa kachipatala kathu, napima anthu, natenga ofunika opaleshoni kupita nawo kuchipatala chachikulu, ndipo apita kale. Amabwera kamodzi pachaka, nyengo ya chilimwe. Amene anafika kudzapimidwa sanakwane zala za dzanja limodzi. Chidziwitso chinalipo mwezi wathunthu: pepala lotayipa, m'Chizungu, mkati mwa galasi pamwamba pa chitseko, pakati pa mapepala ena ambirimbiri. Mwezi umenewo ine ndinaima pansi pa pepala limenelo kawiri, ndikudikira mankhwala a malungo. Sindinakweze maso. Ambuya sindinawauze zimenezi, koma zinkandidya.

Ba Yotamu atamva anawoloka msewu, nandipeza pa nthochi zanga. "Iwe, kandionetse pepalalo."

Kalaliki wa pachipatalapo anali ba Ngoma, bambo wa tayi, osati woipa mtima, koma wokonda kuti zinthu zikhale monga zinalembedwera.

"Chidziwitso tinaika," anatero. "Anatiuza kuti tiike, ndipo tinaika."

"Munaikira ndani?" anafuula ba Yotamu, akuloza pamwamba. "Nyamalikiti wodziwa Chizungu? Muitana anthu osaona, ndi tizilembo tonga nyerere, padenga!"

"Ba Yotamu, pano si pabala."

Ba Yotamu anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa magalasi a mafuta aja, nawaveka ba Ngoma pamphuno anthu onse akuona. "Manje werengani." Ba Ngoma anakweza mutu, nabwerera m'mbuyo kuti aone bwino, naphonya sitepe, nakhala pansi m'fumbi. Khonde lonse linaseka, odwala omwe. Kwa miyezi yambiri awiriwa sankapatsana moni. Koma chaka chitatembenuka, kalata yonena za kubweranso kwa madotolo itafika, ba Ngoma anakwera njinga okha mpaka pachigayo, naiponya pamiyendo pa ba Yotamu. "Lembani ndinu, popeza mudziwa zonse."

Sindinaonepo munthu wamkulu akukondwa chotero. Ba Yotamu anagwira ntchito masiku atatu akuimba. Anapaka thabwa lalikulu penti yachikasu, nalemba ndi yakuda zilembo zazitali ngati mkono: OKALAMBA ONSE ODWALA MASO BWERANI. Pansi analemba tsiku, Lachinayi. Pamwamba anajambula diso limodzi lalikulu ngati lichero, la nsidze zake zonse, lokuyang'ana kulikonse kumene waima. Analikhoma pachigayo, osati kuchipatala, chifukwa kuchigayo kumafika khomo lililonse. Atavala magalasi a mafuta analiwerenga ali patsidya pa msewu, ndipo anavina pomwepo, ndodo ili m'mwamba, madalaivala a malole akuliza mahutala.

Kenaka kunachitika chinthu chimene palibe anachiyembekeza. Okalamba analeka kubwera kuchigayo. Amene njira yawo inkadutsa pamenepo anayamba kuzungulira kuseri. Sabata inatha, ndipo kwa ba Ngoma sikunafike ngakhale mmodzi wolembetsa. Ba Yotamu anapaka mafuta ochuluka, anayesa ali chokhala, anayesa dzuwa likuthobwa m'maso. Chikwangwani chinkawerengeka ndithu. Pomaliza anabwera kwathu, chipewa chili m'manja, napempha kuti ambuya akachione.

"Ndikachione ndi chiyani, Yotamu? Ndi zigongono?"

Komabe anapita, atagwira phewa langa. Pachigayo panali anthu ambiri. Ba Yotamu anaima pambali atatseka pakamwa, monga mwa lamulo lawo. Ambuya anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda thabwa. Anati akuona chikasu, ndi chinthu chakuda chozungulira. Ndinawauza kuti ndi diso, ndipo ndinawawerengera mawu aja. Kenaka anaitana.

"Yotamu."

"Ine, amama."

"Iwe unali m'tauni kupenta mabala chaka chimene kunabwera munthu uja wosaka mfiti. Sunaone. Anaitana okalamba okhaokha. Anatiimika pamzere, padzuwa, ana athu akuonerera. Ankati ali ndi diso loona za m'mimba mwa munthu. Mnzanga amene ndinkalima naye anamuloza chala, ndipo anathawa m'mudzi, nakafera kuchilendo. Manje iwe waitana okalamba okhaokha, waika ndi diso pamwamba. Uyesa abwera ndani?"

Aliyense analeka zimene ankachita. Ngakhale woyendetsa chigayo anazimitsa injini.

Ambuya sanalekere pomwepo. "Ndiponso thabwa lakoli silinandiuze kanthu. Wandiitana ndani? Ndipita ndekha kapena ndi mwana? Ndikafika ndikhala pansi kapena ndiima? Ndidzabwerako? Nanga Lachinayi lakolo ndi liti? Kwa ine masiku onse ndi amodzi."

Ine ndinkadikira mkwiyo, chifukwa mkuluyu sankalola munthu kunyoza ntchito yake. Koma nkhope yawo inayamba kuwala ngati ya munthu amene wapeza mbuzi yake yotayika. Anagwada pansi, naomba m'manja pamaso pa ambuya, kenaka anadzuka nkulumpha.

"Mwamva? Mwamva nonse? Magalasi anga aona maso chabe, mantha saona! Ba Esitele, palafini! Bweretsani palafini!"

Diso lija analipala pomwepo, masana, anthu onse akuona, ndipo ankaitana odutsa kuti abwere adzaone likuchoka. Panali patatsala masiku khumi.

Asanagwire bulashi anathamangira kwa ba Ngoma ndi mafunso a ambuya, limodzi limodzi. Kodi wachibale aloledwa kulowa? Aloledwa. Kodi mipando ilipo? Benchi linalipo limodzi. Ba Yotamu anati sajambula benchi limene sanalione ndi maso, ndipo ba Ngoma, atang'ung'udza, anakabwereka mabenchi kwa abusa omwe aja a dzina lalitali. Funso lovuta linali lomaliza. Namwino anawauza mosabisa kuti si onse adzaone, koma onse adzabwerera kwawo. Ba Yotamu anayenda uku ndi uku pakhonde lachipatala akukanda mutu, chifukwa ankafuna kujambula munthu akutaya ndodo, koma bodza sankalifuna.

Thabwa lachiwiri analikhoma m'munsi, pamene pamafika maso a munthu wopindika msana. Linali ndi zithunzi zitatu, zodula pa kathabwa kopyapyala nkukhomera pamwamba, kuti dzanja lizimve. Choyamba: mayi wachikulire wa duku lofiira, wachinyamata akumutsogolera atamugwira dzanja. Chachiwiri: mayi yemweyo atakhala pabenchi, munthu wa zovala zoyera atagwada patsogolo pake. Chachitatu: akubwerera kwawo, ndodo ikadali m'manja, koma iye ali patsogolo, wachinyamata uja akutsatira pambuyo. Mawu anali ochepa: MADOTOLO A MASO. BWERANI NDI WANU. MUDZABWERERA KWANU. Za ukalamba sanalembepo.

Ndipo m'munsi mwake anaboola mzere wa mabowo, nalowetsamo zikhomo zamtengo, chimodzi kuimira tsiku limodzi. Chomaliza chinali chachikulu, chokulunga nsanza. M'mawa uliwonse ankamenya chitini ndi ndodo, nkuzula chikhomo chimodzi, nkuchikweza m'mwamba ngati wapha nyama.

Anthu inu, pachigayo panasanduka pamsika! Okalamba aja ozungulira kuseri anayamba kubwera, poyamba mmodzimmodzi, kenaka m'magulu, kudzawerenga zikhomo ndi zala. Ankakangana. Wina ankati zatsala zisanu, wina zinayi, wina ankati ba Yotamu aba tsiku. Ankapapasa mayi wa pachithunzi, nkumafunsana kuti ndi ndani, ngakhale aliyense ankadziwa mwini duku lofiira m'mudzi mwathu. Madalaivala anatenga nkhaniyo kupita nayo ku Rufunsa ndi kupitirira.

Ambuya ankapita tsiku lililonse. Ankawerenga zikhomo, nkupapasa chithunzi chachitatu, nkunena kuti tiyeni kunyumba. Ngati adzapita kapena ayi, sankanena. Ine sindinkafunsa, poopa kuti ndikafunsa adzakana, ndipo akakana kamodzi ndiye kuti chaka china cha mdima. Ba Yotamu nawo, munthu wa phokoso uja, ambuya akafika ankameza mawu onse, nkumangondiyang'ana ndi maso ofunsa.

M'mawa wa chikhomo cha nsanza ndinawapeza atakhala kale pakhonde, atasamba, duku lofiira lili kumutu.

"Nanga ndichite bwanji?" anatero. "Mwana uja wandijambula ndikupita. Ndikakhala pano anthu adzati thabwa linama."

Kuchipatala mabenchi onse anadzaza, ena anakhala pa zitenje pansi pa mitengo. Kunabwera anthu pa ngolo za ng'ombe, ena pa njinga atagwira m'chiuno mwa adzukulu. Ba Ngoma anavula tayi, napereka mpando wawo womwe kwa mkulu wina, nalemba mayina ali chiimire. Ba Yotamu ankathamanga pakati pa mizere akupereka moni kwa aliyense ngati ukwati ndi wawo. Ambuya anali m'gulu la otengedwa kupita kuchipatala chachikulu, ndipo ine ndinapita nawo, monga thabwa linanenera.

Tinabwerako patapita masiku angapo. Diso limodzi linakana, koma linalo linatseguka. Zimene ambuya ananena atandiona ine, ndizisunga ndekha. Galimoto inatitsitsa pachigayo. Ambuya anatsika, nayamba kuyenda, ndodo ili m'manja, ine ndikutsatira ndi kathumba. Sindinazindikire kanthu mpaka amayi a pachigayo atayamba nthungululu, akuloza ife, akuloza thabwa.

Ambuya anaima patsogolo pa chikwangwani, nachiyang'ana kuyambira koyamba mpaka komaliza. Kenaka anatembenukira ba Yotamu, amene anali chilili, bulashi ikudontha, pakamwa pali yasa.

"Yotamu, unakalamba liti chonchi?"

"Amama..."

"Ndipo mphuno iyi ndi ya ndani? Ya ine kapena ya njiri?"

Ba Yotamu anaseka mpaka misozi, nabwerera m'mbuyo, nakhala pa chitini cholakwika, chotsegula. Anayenda ndi thako lachikasu pa ovolosi imeneyo mpaka inang'ambika. Mphuno ija sanaikonze, ndipo ambuya anaidandaula mpaka tsiku lawo lomaliza.

Kuyambira pamenepo chidziwitso chilichonse chokhudza achikulire chinkadzera pachigayo: tsiku lobwera wothandiza osowa, tsiku lopima kuthamanga kwa magazi, tsiku la mabulangeti. Ba Ngoma ankabweretsa pepala, ba Yotamu ankalidula mpaka kutsala mawu asanu, awiriwo nkukangana ngati kale. Koma thabwa silinkakhomedwa lisanadutse pa magalasi a mafuta, ndiponso pa ambuya ndi anzawo awiri, wolemba ataima pambali chete, thukuta lili kamukamu. Ba Yotamu anamwalira zaka za m'ma 1990 zisanathe, nyengo ya mvula, atadwala masiku ochepa.

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku Lusaka, yokonza masamba a pa intaneti. Anabwera nane kuchiliza, ndipo pobwerera anandionetsa pafoni tsamba limene akukonzera bungwe lina lothandiza achikulire. Linali lokongola, lodzaza zinthu. Ndinatunga mafuta m'kabotolo kanga, ndikupaka pa magalasi anga, ndikumuveka. Anakuwa kuti amama mwapenga. Kenaka anayang'ana foniyo, nalephera kuwerenga kanthu. Ndinamufunsa mafunso a ambuya onse asanu, mmene anawafunsira. Anatulutsa cholembera.

Tisanakwere basi ndinamutengera pachigayo. Chinatsekedwa kalekale, anthu amagayitsa kwina kwa magetsi. Denga la khonde linagwa mbali imodzi. Pasimenti pakadali madontho achikasu, ndi chizindikiro chozungulira cha dzimbiri pamene pankakhala chitini chija. Zithunzi zinapita, sindikudziwa anatenga ndani. Chatsala ndi kathabwa kam'munsi kokha, kotuwa, kong'aluka, ka mzere wa mabowo. M'mabowo ena mavu anamangamo dothi. Ena ndi osalala mkati, chifukwa cha zala.

Mwana wanga anafunsa chifukwa chake anakakhoma pansi chotero, pamene munthu sangakaone bwino ataima. Ndinayandikira kathabwako. Msana wanga masiku ano ukupinda wokha, ndipo mabowo onse anali pamaso panga penipeni.